Kachitini ka pa Dishi ndi Mawu Ochokera Kumwamba: Mafunso Okhudza Ampu ndi Setilaiti

Ampu timaidziwa tonse. Ndi bokosi lija limatentha pansi pa tebulo la woimbitsa nyimbo pa zikwati, lija oyang'anira zoimbira kutchalitchi salola ana kuligwira, lija anyamata a maminibasi amalibisa pansi pa mpando kuti zitseko zizinjenjemera. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti padenga pa nyumba, kunsonga kwa kamtengo kachitsulo koyang'anizana ndi dishi, palinso ampu ina, ndipo kumwamba kumene dishilo laloza kuli enanso. Popanda amenewa, mpira wa ku England sukanafika pa kanema wa ku Ndirande kapena ku Chipata.

Kodi ampu imapanga bwanji mawu aakulu kuchokera ku mawu aang'ono?

Tiyambe ndi kuchotsa maganizo akuti ampu imatenga mawu n'kuwafufumitsa ngati mandasi. Sitero ayi. Ampu siipanga mphamvu. Mphamvu yonse imene imagwedeza sipika imachokera ku magetsi a pakhoma kapena ku batire, ndipo ntchito ya ampu ndi kuyang'anira mmene mphamvuyo ikutulukira.

Taganizirani mpopi wolumikizidwa ku thanki yaikulu ya madzi. Mwana wa zaka zisanu akhoza kuupotokola ndi zala ziwiri, madzi n'kutuluka mwamkokomo. Mphamvu ya madziwo si ya mwanayo, ndi ya thanki. Koma akamatsegula ndi kutseka motsatira kamvekedwe ka nyimbo, madzinso amatuluka motsatira nyimbo yomweyo. Ampu imatero. Munthu akalankhula pa maikolofoni, mawu ake amasanduka timagetsi tochepa kwambiri tokwera ndi kutsika. Timagetsi timeneti ndito zala za mwana uja. Timatsegula ndi kutseka njira ya magetsi ambiri ochokera ku batire, ndipo chotuluka kumbali inayo ndi chithunzi cha mawu aja, chofanana nawo m'maonekedwe koma chachikulu maulendo mazana kapena zikwi.

N'chifukwa chake batire likafooka nyimbo zimayamba kusasa mawu. Thanki yaphwa.

Nanga "mpopi" umenewu mkati mwa bokosimo ndi chiyani?

Masiku ano ndi kachipangizo kotchedwa transistor, kamiyendo itatu. Mwendo umodzi ndi polowera magetsi ambiri, wina ndi potulukira, wachitatu ndi polamulira. Kanapangidwa koyamba mu 1947 ku Bell Labs m'dziko la America ndi John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 1956.

Transistor isanabwere kunali mavalavu, mababu agalasi ochotsedwa mpweya mkati. Lee de Forest ndiye anawonjezera kawaya kachitatu kolamulira m'babu wotere mu 1906. Agogo amene anaonapo mawailesi akuluakulu akale amakumbukira kuti ukayatsa unkayamba wadikira kuti "itenthe" isanalankhule. Unali kudikira mavalavu amenewa. Musawaiwale, chifukwa tikumana nawonso kumwamba.

N'chifukwa chiyani ukakweza kwambiri mawu amaphwanyika?

Mpopi uli ndi polekezera. Ukautsegula mpaka kumapeto, ngakhale upotokole bwanji madzi sawonjezereka. Ampu ikafika pamenepo, nsonga za mawu zimadulidwa, ndipo chotuluka sichifanananso ndi cholowa. Ndiye kumva mlaliki akungoti phwephwephwe, anthu a kumbuyo akufunsana kuti wati chiyani.

Harold Black, wa ku Bell Labs komweko, anapeza mankhwala a vutoli mu 1927. Anatenga kagawo ka zotuluka n'kukabwezera polowera mozondoka, kuti ampu izidzifananiza yokha ndi zimene yalandira n'kudziwongolera. Ampu yotere imakweza mocheperako, koma mokhulupirika. Pafupifupi ampu iliyonse ya zoimbira lero imagwiritsa ntchito nzeru imeneyi.

Za kutentha nazonso n'zosavuta. Si magetsi onse olowa m'bokosi amene amasanduka mawu. Otsala amasanduka moto, n'chifukwa chake kumbuyo kwa ampu kumakhala zitsulo zamizeremizere ndi kafani. Pansi pano vutoli ndi laling'ono. M'mlengalenga, kumene kulibe mpweya woti ufani uuluze, ndi mutu waukulu.

Setilaiti imalowa bwanji m'nkhaniyi?

Imalowa chifukwa cha mtunda. Masetilaiti amene amatitumizira kanema ali pa makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wa equator. Pamtunda umenewo setilaiti imazungulira dziko kamodzi pa tsiku, mofanana ndi mmene dziko limazungulirira, kotero kwa ife imaoneka ngati yangoima malo amodzi. N'chifukwa chake dishi limamangidwa kamodzi basi, osalisunthanso. Mlembi wa ku Britain, Arthur C. Clarke, anafotokoza ganizo limeneli mu 1945, pamene kunalibe ndi setilaiti imodzi yomwe. Ndipo poti Malawi ali kummwera kwa equator, madishi athu onse amapendekera chakumpoto. Oloza setilaiti ya Intelsat 20, imene ili pa madigiri 68.5 kum'mawa, amayang'ana kotulukira dzuwa, chakumpoto pang'ono.

Tsopano taganizirani koloboyi woyaka pamwamba pa phiri la Mulanje usiku. Amene wamuyandikira akhoza kuwerengera kalata. Amene ali ku Thyolo mwina sangamuone n'komwe, chifukwa kuwalako kwamwazikira mbali zonse. Mafunde a wailesi amamwazikanso chimodzimodzi: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu yofika pamalo amodzi imatsika kanayi. Ampu ya m'setilaiti ya kanema imatulutsa ma watt pakati pa 100 ndi 200, ngati mababu awiri akale a m'nyumba, ndipo mphamvu imeneyo imawazidwa pa mayiko angapo nthawi imodzi. Zimene dishi lanu limatolapo n'zochepa moti nambala yake imachititsa chizungulire. Mutatenga watt imodzi n'kuigawa m'magawo 1,000,000,000,000, dishi limalandira magawo owerengeka ndi zala. Dikoda singachite kanthu ndi kachinthu kotero pokhapokha katakwezedwa kaye.

Ndiye paulendo wonsewu pali ma ampu angati?

Malo akuluakulu ndi atatu. Poyamba ndi pasiteshoni ya pansi, pamene pali dishi lalikulu lotumiza. Ku Zambia siteshoni yakale yotchuka ndi ya Mwembeshi, kufupi ndi Lusaka, ndipo ku Zimbabwe ndi ya Mazowe. Pamalo otere pamakhala ampu yamphamvu kwambiri, ya ma watt mazanamazana, yokankhira siginolo kumwamba.

Kachiwiri ndi m'setilaiti momwemo. Imalandira kanong'onong'o kochokera pansi, kukakweza ndi ampu yofatsa, kusintha kathamangidwe ka mafunde ake, kenaka kukapereka kwa ampu yamphamvu yobwezera pansi. Kusinthako n'kofunika. Pa kanema wa madishi ang'onoang'ono, mafunde amakwera akugunda pafupifupi maulendo mabiliyoni 14 pa sekondi, n'kutsika akugunda pakati pa mabiliyoni 10.7 ndi 12.75. Setilaiti ikanatumiza pa mafunde omwewo amene ikulandirira, ikanadzimva yokha n'kuyamba kulira, monga imalirira maikolofoni ukaiyandikiza kwa sipika yake. Njira imodzi yotere, yolandira, kusintha ndi kutumiza, imatchedwa transponder, ndipo setilaiti yaikulu imakhala nazo makumi angapo.

Kachitatu ndi padenga panu.

Ulendo wonse, kukwera ndi kutsika, umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, ngakhale mafundewo amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Mukaona mtolankhani wa pa kanema atafunsidwa funso n'kuyamba wangoti duu asanayankhe, si kuti akusowa chonena.

Mwati mavalavu tikumana nawonso. Zoona zinthu zachikale zoterezo zikadali m'masetilaiti?

Zikadalimo, ndipo funso limeneli ndi limene limandisangalatsa koposa onse. Pansi pano transistor inathamangitsa valavu pafupifupi paliponse. Koma m'masetilaiti ambiri akuluakulu a kanema, ampu yomaliza yotumiza pansi ikadali valavu ya mtundu wapadera, yotchedwa travelling-wave tube, mwachidule TWT. Anaiyambitsa Rudolf Kompfner ku Birmingham m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Munthuyu anabadwira ku Vienna ndipo anaphunzira zojambula mapulani a nyumba, osati zamagetsi. Pambuyo pake anapita ku Bell Labs, kumene iye ndi John Pierce anaikonza bwino.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana ndi mpopi uja. Ndi chubu chachitali chopanda mpweya mkati. Kumapeto kwina kuli kachitsulo kotenthetsedwa kamene kamalavula ma electron, tinthu tosaoneka timene timanyamula magetsi. Magetsi a ma volt zikwi zingapo amatikoka kuti tithamange pakati pa chubucho mumzere umodzi wowongoka, ndipo maginito amatigwira kuti tisamwazike. Mozungulira mzerewo muli waya wopotedwa ngati sipuling'i. Siginolo yofooka imalowetsedwa pa waya umenewu. Siginoloyo ndi yaliwiro kuposa ma electron, koma poti ikuyenda mozungulirazungulira m'sipuling'imo, kupita kwake patsogolo kumachedwa mpaka kutsala pang'ono kufanana ndi liwiro la ma electron aja. Amakonza dala kuti ma electron azithamangirapo pang'ono.

Amene anakhalapo m'mbali mwa nyanja ya Malawi nthawi ya mwera amvetsa msanga zotsatira zake. Mphepo ikamawomba pamwamba pa madzi mofulumira kuposa mafunde, imawakankha kumsana, ndipo kafunde kamene kanayamba ngati khwinya kamafika kugombe katakula moti asodzi amakokera mabwato kumtunda. Mu chubu muja ma electron ndiwo mwera. Amaunjikana m'magulumagulu, nataya liwiro lawo polipereka kwa funde loyenda pa waya, ndipo fundelo limatuluka kumapeto litakula maulendo zikwizikwi.

Bwanji osangoikamo transistor? Chifukwa pa mafunde othamanga chonchi, komanso pa mphamvu yochuluka chonchi, TWT imawononga magetsi ochepa. Yabwino imasandutsa magawo oposa 60 pa 100 alionse a magetsi kukhala siginolo. M'setilaiti magetsi onse amachokera ku masola, sola iliyonse ili ndi kulemera kwake, ndipo kilogalamu iliyonse yokwezedwa ndi roketi ndi ndalama zankhaninkhani. Komanso kumeneko kulibe mmisiri woti akwere ndi sikuludiraiva. Chipangizo chiyenera kugwira ntchito zaka 15 kapena kuposerapo osazima, ndipo TWT inaonetsa kale kuti imatha.

Nkhani ya Telstar 1 ndi umboni wake woyamba. Setilaitiyi inaponyedwa pa 10 July 1962 ndipo ndi imene inayamba kuwolotsa zithunzi za kanema panyanja ya Atlantic, kuchokera ku Andover m'chigawo cha Maine kupita ku Pleumeur-Bodou ku France ndi Goonhilly ku England. TWT yake inkatulutsa ma watt ochepera asanu. Inasiya kugwira ntchito mu February 1963, ndipo chimene chinafa ndi ma transistor a gawo lolandira malamulo, ataonongeka ndi cheza chotsalira ku bomba la nyukiliya limene America inaphulitsa m'mlengalenga kutatsala tsiku limodzi kuti setilaitiyo inyamuke.

Ngati siginolo ikufika yofooka, bwanji osangosanjikiza ma ampu ambiri mpaka ikule?

Apa ndiye pagona nkhani. Kukweza n'kosavuta. Chovuta ndi phokoso.

Chinthu chilichonse chofunda chimapanga phokoso la magetsi, chifukwa ma electron a mkati mwake sakhazikika, amangonjenjemera. John B. Johnson ndi Harry Nyquist anafotokoza zimenezi mu 1928. Ndi kaphokoso kaja ka "shhh" kamene mumamva wailesi ikakhala pakati pa masiteshoni. Waya uli nako, nthaka ili nako, ampu yomwe ili nako. Ndipo ampu siidziwa kusiyanitsa mpunga ndi mankhusu. Chilichonse cholowa imachikweza pamodzi, n'kuwonjezerapo phokoso lakelake.

Zili ngati uthenga wa maliro wopita kumudzi wakutali kudzera mwa anthu asanu. Woyamba akamva molakwa dzina la womwalirayo, anayi otsatirawo, ngakhale akhale ndi mawu amphamvu chotani, akafuula dzina lolakwika lomwelo. Koma woyambayo akamva bwino n'kunena momveka, otsatirawo sangasokoneze kwambiri. Katswiri wina wa ku Bell Labs wobadwira ku Denmark, Harald Friis, anaika mfundo imeneyi m'masamu mu 1944: pa mndandanda wa ma ampu, phokoso la woyamba ndi limene limalamula, la otsatira limachepa mphamvu.

N'chifukwa chake ampu yoyamba saiika m'nyumba pafupi ndi kanema. Amaiika panja, pamalo penipeni pamene dishi limasonkhanitsira mafunde, siginolo isanayende ngakhale mkono umodzi m'chingwe. Dishi palokha si ampu, ndi lichero chabe lotolera mafunde n'kuwaunjika pamalo amodzi. Mwini ntchito ndi kachitini kaja ka kunsonga kwa kamtengo koyang'anizana ndi dishi, kamene amisiri a madishi amakatchula kuti LNB.

Nthawi ya Telstar, kuti phokosoli lichepe, ampu yoyamba ankaiziziritsa ndi helium wamadzi mpaka kufika pafupifupi madigiri 269 pansi pa ziro. Lero ntchito yofanana nayo ikugwiridwa ndi kachipangizo kogulidwa pamsika, kokhala padzuwa ndi pamvula chaka chonse. Kulimbana ndi phokosoku kunabalanso zina zosayembekezeka. Mu 1964 Arno Penzias ndi Robert Wilson, pogwiritsa ntchito mlongoti wolandirira wa ku Holmdel m'chigawo cha New Jersey umene unamangidwira zoyesa za masetilaiti, anapeza kaphokoso kamene sikankachoka. Anafika pothamangitsa nkhunda zimene zinamanga zisa m'menemo n'kukolopa zitosi zake, koma kaphokosoko kanakhalabe. Kanali kutentha kotsalira kuchokera pachiyambi cha chilengedwe chonse. Analandira nako mphoto ya Nobel mu 1978.

LNB imangokweza basi?

Imachita ziwiri. Imakweza siginolo maulendo oposa 100,000, kenaka imatsitsa kathamangidwe ka mafunde kufika pakati pa mamiliyoni 950 ndi 2,150 pa sekondi, chifukwa mafunde othamanga kwambiri aja akanathera m'chingwe asanafike pabalaza. Magetsi ake amachokera kwa dikoda kudzera m'chingwe chomwecho. Dikoda ikatumiza ma volt 13 kapena 18, LNB imadziwa kuti itole mafunde oimirira kapena ogona.

Nanga mvula ikagwa bwanji kanema amaduka, pamene wailesi ikulankhulabe?

Mafunde a wailesi ya FM ndi aatali pafupifupi mamita atatu, ndipo dontho la mvula kwa iwo si kanthu. A setilaiti ya kanema ndi aafupi, masentimita awiri ndi theka, choncho madontho akuluakulu a mvula ya mabingu amawamwa ndi kuwamwaza. Mvulayo imawonjezeranso phokoso lake. Siginolo ikutsika, phokoso likukwera, ndipo zikayandikana kwambiri dikoda imalephera kuwerenga. Chithunzi chimayamba kusweka m'timabokosi kenaka n'kuzimiratu. Nthawi zina chimaduka kunja kusanadonthe, chifukwa mtambo wamvulawo uli pakati pa dishi ndi setilaiti.

Anthu ena amagula ka ampu kolumikiza pachingwe poganiza kuti kathetsa vutoli. Ndi kutaya ndalama. Kameneko kamathandiza pokhapokha chingwe chikatalika kwambiri. Zimene mvula yamwa sizibwerera. Chothandiza ndi dishi lokulirapo komanso lolozedwa mosamala, kuti nthawi ya chilimwe muzikhala ndi siginolo yotsalira yoti mvula idye.

Dzuwa nalo limasokoneza. Chakumapeto kwa March ndi chapakati pa September, kapena masiku oyandikana nawo, limadutsa kumbuyo kwenikweni kwa setilaiti, ndipo phokoso lake limakwirira siginolo kwa mphindi zingapo pa tsiku. Pamenepo musaitane mmisiri.

Kodi Starlink imagwiranso ntchito chimodzimodzi?

Mfundo yake ndi yomweyo, kamangidwe n'kosiyana. Starlink, imene inayamba kupezeka m'Malawi mu 2023, ili ndi masetilaiti zikwizikwi oyenda pafupi, pa makilomita mazana angapo chabe. Poti ali pafupi, siginolo siichedwa ndipo siifooka kwambiri, koma saima malo amodzi: iliyonse imadutsa m'mphindi zochepa. Chipangizo cha padenga ndi chophwatalala ngati thireyi, ndipo mkati mwake muli timilongoti ting'onoting'ono mazanamazana, toyendetsedwa ndi tima ampu ta transistor. Posintha pang'ono nthawi imene kalikonse kakutulutsira funde lake, mafunde onse amagwirizana kuloza mbali imodzi ya thambo, ndipo mbaliyo imasinthika popanda chitsulo kutembenuka. M'malo mwa mlaliki mmodzi wa mawu aakulu, ndi kwaya yoimba mogwirizana. Kusiyana kwina n'kwakuti chipangizochi chimatumizanso, pamene dishi la kanema limangolandira, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene chimadyera magetsi ambiri kuposa dikoda.

Ampu ingamve kutali bwanji?

Chombo cha m'mlengalenga cha Voyager 1 chinanyamuka mu 1977 ndipo tsopano chili pa mtunda woposa makilomita mabiliyoni 24. Chotumizira chake ndi cha ma watt pafupifupi 23, ndipo uthenga wake umatenga maola oposa 22 kuti ufike. Amachimva ndi madishi otambalala mamita 70 amene ali ku Goldstone m'chigawo cha California, kufupi ndi Madrid, ndi kufupi ndi Canberra, ndipo ampu yoyamba pa madishi amenewa imaziziritsidwa koopsa. Pa madishiwo si kukula kokha kumene kumagwira ntchito, komanso kukhala chete kwa ampu yoyambayo.

Kanema wanga akudukaduka ngakhale kunja kuli ngwee. Ndiyambire pati?

Musathamangire kugula dikoda yatsopano. Pitani pa tsamba la dikoda losonyeza siginolo. Pali mizere iwiri, wina wa mphamvu, wina wa ubwino wake. Wa mphamvu ukakhala pamwamba koma wa ubwino uli pansi, ndiye kuti LNB ikukweza ndithu, koma ikukweza phokoso: mwina mphepo yasuntha dishi, kapena mtengo wa mango uja wakula n'kutchinga. Mizere yonse ikakhala pa ziro, kayikirani chingwe kapena LNB yeniyeniyo. Onani kachivindikiro kapulasitiki kutsogolo kwake ngati dzuwa lakang'ambula, chifukwa madzi akalowamo ndiye kwatha. Onaninso polumikizira chingwe ngati pachita dzimbiri, ndiponso ngati tiwaya ta m'mbali sitikukhudza waya wapakati. Musanagwire chingwecho zimitsani dikoda pakhoma, popeza muli magetsi, ndipo kunja kukamachita ziphaliwali musakwere padenga.